Nyanja ya Chiuta ndi Zimene Mibadwo Imaiwala

Sitima yochoka ku Liwonde kupita ku Cuamba imatuluka m'Malawi pa Nayuchi n'kukaima pa Entre Lagos, m'boma la Mecanhelas, chigawo cha Niassa ku Mozambique. Njanji imeneyi inatsegulidwa mu 1970, ndipo m'derali inayalidwa pamtunda wa mchenga umene umalekanitsa nyanja ziwiri, Chilwa kummwera ndi Chiuta kumpoto. Akatswiri ofufuza za nthaka amati kalekale mtundawu kunalibe. Madzi anali amodzi, ndipo ankatsikira kumpoto mpaka mumtsinje wa Lugenda. Mphepo ndi mafunde zinaunjika mchenga pang'onopang'ono mpaka nyanja inaduka pawiri. Chilwa inatsala yopanda potulukira, madzi ake n'kuyamba kuwawa mchere. Chiuta inatsala ndi khomo: madzi akachuluka amasefukira m'nyanja ya Amaramba, kuchoka kumeneko amalowa mu Lugenda, kenako mu Ruvuma, mpaka kunyanja yaikulu ya mchere. N'chifukwa chake anthu a ku Chiuta amamwa madzi a m'nyanja yawo.

Palibe gogo wa kwa Ngokwe kapena wa ku Insaca amene angakumbukire nthawi imene nyanja ziwirizi zinali imodzi, ndipo palibe amene angamudzudzule, pakuti papita zaka masauzande. Kuiwala kumene tikambe m'nkhani ino ndi kwina. Kumachitika msanga, pakati pa bambo ndi mwana wake, anthu okwera bwato limodzi. Bambo amati nsomba zatha. Mwana amayang'ana m'bwato, n'kuona matemba odzaza ndowa ziwiri, n'kunena kuti lero zayenda. Onse awiri akunena zoona, koma aliyense akuyeza ndi nyanja imene anaipeza tsiku limene anayamba kupalasa.

Amene anaufotokoza momveka mchitidwe umenewu ndi Daniel Pauly, katswiri wa zausodzi, m'kankhani ka tsamba limodzi kamene kanatuluka mu 1995. Chodabwitsa n'chakuti sankanena asodzi. Ankanena akatswiri anzake. Iye anaona kuti katswiri aliyense akayamba ntchito amatenga kuchuluka kwa nsomba kumene waona panthawiyo kukhala poyambira pake. Akamapuma pantchito nsomba zimakhala zachepa, ndipo amadandaula. Koma wolowa m'malo mwake amayamba ndi zochepazo ngati kuti ndi mmene zimakhalira. Ikadutsa mibadwo itatu, nyanja ikhoza kutaya gawo lalikulu la chuma chake popanda munthu mmodzi amene waona kutayika konseko. Zili ngati chitini choyezera chimanga pamsika chimene wogulitsa amachigogoda pansi chaka ndi chaka: wogula aliyense amalandira chitini chodzaza, ndipo sadziwa kuti chimene ankalandira mayi ake chinali chakuya kuposa apo.

Patapita zaka, Loren McClenachan anapeza njira yoonetsera zimenezi ndi maso. Anasonkhanitsa zithunzi zimene alendo opha nsomba mongosangalala ankajambulitsa padoko la Key West, ku Florida, kuyambira 1956 mpaka 2007. Malo ake omwewo, mabwato a ntchito yomweyo, bolodi lopachikapo nsomba la mtundu womwewo. M'zithunzi zoyambirira nsomba yopachikidwa inkalemera pafupifupi makilogalamu 20. M'zithunzi zomaliza inkangopitirira makilogalamu 2. Koma anthu oima pambali pa nsombazo akumwetulira chimodzimodzi m'zithunzi zonse. Ku China, Samuel Turvey ndi anzake anafunsa asodzi mazana ambiri a mumtsinje wa Yangtze za nsomba yaikulu ya mphuno yaitali imene inali itangosowa kumene. Okalamba ankaidziwa bwino. Ambiri mwa achinyamata anali asanamvepo ngakhale dzina lake. Chamoyo chachikulu kuposa munthu chinachoka m'madzi, kenako chinachoka m'kamwa mwa anthu, zonsezi m'zaka zosakwana moyo wa munthu mmodzi.

Sitikusowa kupita kutali chomwecho. Funsani mwana wa sekondale ku Mangochi kuti ntchila n'chiyani. M'zaka za m'ma 1950 ntchila inali m'gulu la nsomba zofunika kwambiri pamalonda kunyanja ya Malawi. Inkakwera m'mitsinje nthawi ya dzinja kukaswana, ndipo anthu ankaitchingira pakamwa pa mitsinjeyo, n'kuigwira ili ndi mazira. Pofika m'ma 1960 inali itagwa, ndipo sinadzukenso. Chambo cha m'nyanja ya Malombe chinatsata njira yomweyo: mu 1982 anthu anavuula matani oposa 8,000, koma zaka khumi pambuyo pake sanakwanenso 1,000. Malo a chambo anatengedwa ndi kambuzi. Lero banja la m'tauni likagula bonya wa pambale limati lagula nsomba, ndipo chambo chasanduka ndiwo ya paukwati ndi ya kuhotela. M'zaka za m'ma 1970 Mmalawi mmodzi ankadya nsomba pafupifupi makilogalamu 14 pachaka. Pofika kumayambiriro a zaka za m'ma 2000 muyezowu unali utatsika kupitirira theka. Anthu obadwa panthawi yotsikayo sakumva kuti anamanidwa kanthu.

Chiuta ndi nyanja yaing'ono poyerekeza ndi zimenezi. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 200 madzi akadzaza, ndipo m'malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita anayi. Mbali yakummwera ndi dambo la bango ndi njedza. Gawo lalikulu lili m'boma la Machinga ku Malawi, lotsalalo ku Mozambique. Nsomba zake zodziwika ndi makumba, chilunguni, mlamba ndi matemba. Ayao, Alomwe ndi Anyanja a mbali zonse ziwiri amakwatirana, amaikirana maliro, amagulitsana mpunga ndi nsomba zouma. Kwa nthawi yaitali usodzi wa pano unali wa miyono, mbedza ndi matchera, munthu m'bwato lake lachikungu kapena losema.

Ndiye nyanja yaing'ono imeneyi ili ndi nkhani imene imaonetsa mbali ina ya zimene Pauly ananena, ndiyo mphamvu imene anthu amakhala nayo pamene sanaiwale.

M'zaka za m'ma 1980 ku Chiuta kunayamba kufika asodzi a nkacha, ambiri ochokera ku Malombe ndi ku Chilwa. Nkacha ndi khoka la maso ang'onoang'ono loponyedwa pakati pa nyanja ndi mabwato awiri amatabwa. Akalizunguliza, mmodzi wa alovi amamira pansi kukamanga zingwe za kunsi kuti ukonde ukhale thumba, kenako onse amakoka. Chimene chalowa sichituluka, chachikulu ndi chaching'ono chomwe. M'nyanja yosaya, khokalo limakwekwereza pansi, limazula zomera za m'madzi ndi kufafaniza zisa zimene makumba amakumba pamchenga poswana. Alendowa ankapereka kangachepe kwa mafumu ena ndipo ankaloledwa kumanga misasa m'madoko. Chiwerengero chawo chinakula mpaka mazana. Eni dera anayamba kuona matchera awo akung'ambidwa, madzi akumwa akusanduka matope, mitengo ya nsomba ikugwa chifukwa a nkacha ankavuula zambiri nthawi imodzi, ndipo nsomba za m'miyono zikuchepa ndi kufupika.

Nthawi yomweyo boma la Malawi linali litayamba, mu 1993, ndondomeko yoti asodzi a ku Malombe azitenga nawo mbali poyang'anira nyanja yawo kudzera m'makomiti a m'madoko. Nkhani zimenezi zinkamveka pa wailesi ya MBC m'pulogalamu ya Usodzi wa Lero. Asodzi a ku Chiuta anamva, ndipo sanadikire kuti boma liwabweretsere. Anapanga okha makomiti awo, ndipo posankha anthu anawapatula mafumu amene ankawaganizira kuti akudya ndi alendo. Mu 1995 anathamangitsa a nkacha kumbali ya Malawi. Sizinali zamtendere zokhazokha ayi, ndipo sitiyenera kuzikometsera. Koma lamulo limene anakhazikitsa linagwira: makoka ndi oletsedwa, matchera akhale a maso akulu. Nthambi ya boma yoona zausodzi inabwera pambuyo kudzavomereza zimene anthu anali atachita kale, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 linapereka malo kwa makomiti otere. Steve Donda ndi Friday Njaya, akatswiri a m'nthambiyi, analemba zambiri za nkhani ya Chiuta, ndipo mpaka pano imatchulidwa monga chitsanzo cha asodzi amene anadziyambira okha.

Ofufuza akamafotokoza chifukwa chake Chiuta inapambana pamene Malombe inavutika, amatchula zinthu zingapo zomveka: nyanja ndi yaing'ono, mdani anali wochokera kunja, ndipo ganizo linachokera kwa eni ake. Ine ndikuonjezerapo chimodzi chimene ndimachiona kuti ndicho chinali pansi pa zonsezo. Amuna ndi amayi amene anadzuka mu 1995 anali ataiona nyanja nkacha isanabwere. Kusintha kunachitika m'zaka khumi zokha, pamaso pa anthu omwewo. Munthu wa zaka 40 ankadziwa kukula kwa kumba amene ankagwira ali ndi zaka 25, ankadziwa mmene madzi a padoko ankaonekera mkazi wake akamatunga. Akanena kuti zinthu zaipa, anali ndi choyerekezera, ndipo mnzake aliyense anali mboni. Nkacha ikanabwera mwakachetechete, makoka awiri chaka chino, atatu patapita zaka zisanu, kwa zaka 40, sindikukhulupirira kuti pakanapezeka khamu lokwiya. Aliyense akanabadwa n'kuipeza, n'kuiyesa gawo la nyanja.

Mbali ya Mecanhelas nkhani inayenda mosiyana. A nkacha ena atachotsedwa ku Malawi anangowolokera kummawa, kumene malamulo sankaletsa makoka, n'kupitiriza ntchito m'madzi omwewo. Izi zinabweretsa mikangano ya kulandana maukonde pakati pa nyanja ndi misonkhano ya akuluakulu a mbali ziwiri. N'kosavuta kwa Mmalawi kunena kuti anzathu a kutsidya sasamala, koma kutero n'kuiwala chimene chinawagwera. Mozambique inalandira ufulu mu 1975, ndipo pasanathe zaka ziwiri inalowa m'nkhondo ya pachiweniweni imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992. Anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo midzi yambiri ya m'malire inatsala mabwinja. Okalamba ena anafera kothawira. Ana anakulira m'misasa ya othawa nkhondo, kutali ndi madoko a makolo awo. Mtendere utabwera anthu anabwerera, pamodzi ndi ena atsopano ofuna minda, moti pakati pa kalembera wa 1997 ndi wa 2007 chiwerengero cha anthu a m'boma la Mecanhelas chinawirikiza kawiri. Kwa ambiri mwa iwowa nyanja ya Chiuta inayamba mu 1993 kapena 1994. Nkacha anaipeza. Mzere wa kukumbukira umene unapatsa mphamvu asodzi a ku Dinji ndi madoko ena a kumadzulo unali utadulidwa kummawa ndi mfuti. Komanso munthu amene wangobwera kumene kuchokera kothawa, alibe mbuzi, alibe nkhokwe, sangakanize khoka limene likumupatsa ganyu lero.

Tsopano pali vuto lina limene limapangitsa Chiuta kukhala malo ovuta kuwerenga kuposa Key West. Nyanjayi sikhala malo amodzi. Imakula dzinja, imabwerera chilimwe, ndipo pazaka zingapo za chilala imatha kuphwa n'kusiya mabwato pamatope kutali ndi madzi. Ngakhale azungu amene anadula malire anakodwa nazo. Pangano la Britain ndi Portugal la pa 11 June 1891 linanena kuti malire atsate gombe la kummawa la nyanja ya Chiuta, ngati kuti gombelo ndi mwala wosasuntha. Analemba zimene apaulendo anaona nyengo imodzi. Henry O'Neill, kazembe wa Britain pachilumba cha Mozambique, anali atafika m'derali mu 1883 n'kufotokoza kuti Lugenda amachokera ku Amaramba ndi Chiuta, osati ku Chilwa monga ena ankaganizira. David Livingstone anaona Chilwa mu April 1859, mvula itangotha kumene, ndipo anaifotokoza ngati nyanja yaikulu kuposa imene tikuidziwa lero. Chilwa yomweyo inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo inaphwa kwambiri mu 2012 ndi 2018. Nthawi zonsezi madzi anabwerera, ndipo pasanapite zaka zambiri matemba anadzazanso. Mvula ya namondwe Freddy mu March 2023 inakweza madzi mpaka kumiza minda ndi nyumba za m'mphepete.

Akale anati madzi saiwala khwawa, ndipo anthu a m'nyanja zimenezi aona mwambiwu ukukwaniritsidwa kambirimbiri. N'chifukwa chake msodzi ukamuuza kuti nsomba zikutha amayankha modekha kuti nsomba sizitha, madzi akabwera zibweranso. Si umbuli umenewu. Mu 2003 bungwe la FAO linatulutsa kafukufuku wamkulu wa Eyolf Jul-Larsen, Jeppe Kolding ndi anzawo pa nyanja za kummwera kwa Africa, ndipo anapeza kuti m'nyanja zosaya, zokwera ndi kutsika ngati Chilwa, kuchuluka kwa nsomba kumatsata kwambiri madzi kuposa chiwerengero cha asodzi. Madzi akasefukira m'dambo, udzu ndi ndowe za ng'ombe zimawola, tizilombo ta m'madzi timachuluka, tiana ta nsomba timapeza chakudya ndi pobisala. Matemba ndi milamba ndi nsomba zolimba, zoswana msanga, zozolowera moyo wotere. Choncho gogo amene akunena kuti kale nsomba zinali mbwee akhoza kukhala kuti akukumbukira zaka za madzi ambiri za kumapeto kwa m'ma 1970, ndipo mdzukulu wake akuyeza ndi chaka cha chilala. Tiyeneranso kuvomereza kuti munthu akamakalamba amakumbukira tsiku limene bwato linadzaza, osati masabata amene anabwerako chimanjamanja.

Koma ngozi yagona pomwepo. Popeza zina zimapita n'kubwerera, anthu amazolowera kuganiza kuti zonse zimabwerera. Kukwera ndi kutsika kwa madzi kumabisa kutsika kwina kumene sikukweranso. Nyanja ikadzaza pambuyo pa chilala anthu amati yabwerera mwakale, pamene yabwerera yochepa pang'ono: nsomba zazikulu zacheperapo, dambo lina lasanduka munda wa mpunga, pakamwa pa mtsinje pakwiririka. Chilala chotsatira chikadzatha, idzabwereranso yochepa kuposa apo, ndipo anthu adzathokoza chifukwa adzayerekeza ndi matope ouma a chaka chatha, osati ndi nyanja ya zaka 30 zapitazo. Chilala chilichonse chimafufuta muyezo wakale n'kuika watsopano.

Ndi ziti zimene sizibwerera ndi madzi? Choyamba ndi dothi. Mitsinje yothira m'Chiuta, monga Lifune ndi Mpiri, imachokera kumitunda imene mitengo yake yathera m'makala, m'mauvuni a njerwa, m'kuwamba nsomba ndi m'kutsegula minda. Phiri likavulidwa, mvula imatsika mwaliwiro itanyamula nthaka, mtsinje umasefukira masiku ochepa kenako n'kuuma msanga. Dothilo limakagona m'nyanja. M'nyanja yakuya mamita 700 ngati ya Malawi zimenezi zimaonekera m'mphepete mokha. M'nyanja ya mamita anayi, chikhato chilichonse cha matope ndi gawo la nyanja limene lachoka. Mwana wobadwa lero pafupi ndi mtsinje woyenda miyezi inayi pachaka amadziwa kuti mitsinje imatero. Samva chisoni, ndipo sangapite kwa mfumu kukafunsa kuti madzi a mu September anapita kuti.

Chachiwiri ndi zinyama. Zigwa za pakati pa Shire, Chilwa ndi Lugenda zinali njira za njovu, ndipo malonda a minyanga amene anatukula mafumu a Chiyao monga Kawinga ndi Makanjira m'zaka za m'ma 1800 anadalira zimenezo. Lero m'boma la Machinga njovu zili kuseri kwa waya wa magetsi ku Liwonde. Zipembere zinatheratu m'Malawi, moti zimene zili ku Liwonde zinachita kubwera kuchokera ku South Africa kuyambira 1993. Mikango inabwezeretsedwa m'nkhalangoyo mu 2018, bungwe la African Parks litayamba kuiyang'anira mu 2015. Kumunsi kwa Lugenda, m'nkhalango yotetezedwa ya Niassa, njovu zinatsika kuchoka pafupifupi 12,000 mu 2011 kufika posakwana 4,500 mu 2014 chifukwa cha opha mozemba. Sindikunena kuti mlimi wa ku Mecanhelas azilakalaka njovu m'munda mwake; amene anagonapo panja kulondera chimanga amadziwa mtengo wake. Ndikunena kuti mwana wa m'derali akamaphunzira za njovu ngati nyama ya kumalo osungira nyama, sakudziwa kuti akukhala m'dziko limene linachotsedwa kanthu, ndipo amene sadziwa zimenezo savutika mtima chinthu chotsatira chikamachoka, kaya ndi mvuu, katumbu kapena mbalame za m'dambo.

Chachitatu ndi chizolowezi cha manja. Neti yoteteza udzudzu ikasokedwa kukhala khoka, monga zikuchitikira m'nyanja ndi m'mitsinje yambiri ya Malawi ndi Mozambique, imagwira tiana ta makumba tosakwana chala. Woyamba kuchita zimenezi m'mudzi ankabisala. Mwana wake amachita masana. Mdzukulu adzaona ngati ndi chida cha makolo. Pano sipafunika kunyoza amayi amene amakoka neti m'mphepete kuti ana adye; umphawi ndi weniweni, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chimene chimandiwawa n'chakuti pakapita nthawi ngakhale funso lenilenilo limasowa. Palibenso amene akudziwa kuti tinsomba ta m'mbalemo tikanakula kufika pati.

Tikayang'ana msinkhu wa anthu, nkhawa imakula. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'Malawi. Wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni, ndipo theka la iwowa linali la ana osakwana zaka 18. Ku Niassa nakonso achinyamata ndiwo ochuluka. Zikutanthauza kuti anthu ambiri amene akukhala m'mphepete mwa Chiuta lero anabadwa a nkacha atathamangitsidwa kale. Lamulo loletsa makoka analipeza, koma mkwiyo umene unalibereka sanaumve. Kwa mnyamata wa zaka 22 wopanda munda, lamulolo likhoza kuoneka ngati njira imene madala okhala ndi matchera amatsekera anzawo mwayi. Lamulo limene chifukwa chake chaiwalika limatsala kudalira chindapusa chokha, ndipo chindapusa chimagonja msanga pamaso pa njala kapena ndalama ya mwini makoka.

Mabuku a boma sangatithandize mokwanira pa zimenezi. Kuwerengera nsomba mwadongosolo m'nyanja za Malawi kunayamba m'zaka za m'ma 1970, choncho mzere woyamba wa tebulo lililonse ndi nthawi imene ntchila inali itagwa kale. Komanso matebulowo amalemba matani. Tani ya makumba akuluakulu ndi tani ya matemba zimaoneka zofanana papepala. Mlangizi wachinyamata amene wangomaliza maphunziro akatsegula fayilo n'kuona kuti matani sanasinthe kwambiri, akhoza kulemba kuti nyanja ili bwino, pamene zamkati mwa mataniwo zasinthiratu. Awa ndiwo matenda amene Pauly anawaona mwa akatswiri anzake, ndipo mankhwala amene anapereka anali oti nkhani za anthu akale ndi zolemba za apaulendo zitengedwe ngati umboni, zisamatayidwe ngati nthano.

Ena anayesa, ndipo zinatheka. Ku Mexico, Andrea Sáenz-Arroyo ndi anzake anafunsa asodzi a mibadwo itatu a ku Gulf of California mafunso ofanana, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2005. Okalamba anatchula mitundu ya nsomba ndi malo ophera amene anatha ochuluka kwambiri kuposa amene achinyamata anatchula. Chinsinsi chake chinali m'kafunsidwe. Ukafunsa gogo kuti kale zinthu zinali bwanji, adzakuuza kuti zinali bwino, basi. Koma ukamufunsa kuti mlamba waukulu kwambiri umene munagwirapo unali wotalika bwanji, munaugwira pati, chinali chaka chiti, yankho limakhala loyezeka. Ndipo anthu a ku Chiuta ali ndi zikhomo zabwino zokolekapo zaka: chaka chimene njanji inafika, chaka chimene Chilwa inauma koyamba iwo akuona, nthawi imene othawa nkhondo anabwera, chilala cha 1992, chaka cha nkacha, njala ya 2002. Ndi zikhomo zimenezi tikhoza kulekanitsa zaka za madzi ambiri ndi za chilala, n'kuona chimene chinatsika n'kukweranso ndi chimene chinatsika osabwerera.

Amayi asasiyidwe pa ntchito imeneyi, chifukwa iwo ndi amene ankatumbula, kuyanika ndi kuwamba. Amadziwa kuti makumba angati ankadzaza lichero, nkhuni zowambira ankazitola patali bwanji, chitsime cha kudambo chinkaphwa mwezi uti. Amadziwanso mayina a nsomba zimene zinkabwera padoko mwa apo ndi apo, monga nkholokolo ndi nkhalala, ndiponso nthawi imene anayamba kuziona kawirikawiri kapena kuzisowa. Mayina a malo nawonso amasunga mbiri: doko, chilumba kapena dambo lotchedwa ndi dzina la nyama kapena mtengo limanena chimene chinalipo pamene anthu ankalitcha.

Zida zochitira zimenezi zilipo kale. Kumadzulo kuli makomiti a m'madoko ndi mgwirizano wawo wa asodzi a nyanja yonse. Kummawa boma la Mozambique limazindikira makhonsolo a asodzi a m'midzi, amene amadziwika ndi zilembo za CCP. Onsewa ali ndi alembi ndi makope olembamo misonkhano ndi zindapusa. Sukulu zilipo mbali zonse ziwiri, ndipo mphunzitsi wa sitandade 7 akhoza kutuma ana kukafunsa agogo awo mafunso asanu omwewo, n'kupachika mayankho pakhoma, kutalika kwa nsomba kutajambulidwa ndi choko pamlingo wake weniweni. Mafoni ojambula mawu ali m'matumba a anyamata omwe akupalasa mabwato. Anthu a mbali ziwirizi amamvana m'Chiyao, m'Chilomwe ndi m'Chinyanja, choncho zimene gogo wa ku Machinga akukumbukira za nyanja nkhondo isanayambe zikhoza kudzaza mpata umene nkhondo inasiya ku Mecanhelas.

Chosowa ndi nthawi. Msodzi amene anali ndi zaka 20 mu 1975, amene anaona Chiuta nkhondo isanayambe ndiponso nkacha isanafike, anakwanitsa zaka 70 mu 2025. Amene anatsogolera makomiti a 1995 ali ndi zaka 40 panthawiyo afikanso msinkhu womwewo. Ndi okhawa amene angayerekeze nyanja zitatu, ya miyono ndi matchera okha, ya nkacha, ndi ya lero, ndipo ambiri mwa iwo sanafunsidwepo ndi munthu wonyamula kope.